Masupuni a aNankhoma

Mwezi uno chakwana chaka chichokereni aNankhoma, ndipo ku Mgona kuno anthu akuwakumbukira mosiyanasiyana. Ena amati anali mayi wolimbikira. Ena, makamaka amene analawako lilime lawo, amati inali nkhalamba yolongolola, yotha kukalipira ngakhale nkhuku yongodzidutsira. Koma onsewo, ukangotchula dzina lawo, amathamangira nkhani imodzi: tsiku lomwe anakhuthulira beseni lodzaza mandasi m'ngalande, m'chaka chomwe anthu ankagona ndi njala. Ine tsikulo ndinalipo. Ndinkachita lendi pa ploti pawo, chipinda choyang'anizana ndi khitchini, ndipo ndatopa kumva anthu akunena kuti gogoyo mutu unali utayamba kusokonekera. Mutu wawo unali bwinobwino kuposa wa tonsefe.

Ntchito yawo inali kukazinga mandasi. Malo awo anali pamphambano pomwe kanjira kathu kamakumana ndi njira yopita ku Kanengo, pansi pa lata limodzi lokhomedwa pamitengo. Kunja kusanayere n'komwe, amuna opita kumafakitale ankadutsa pamenepo m'magulumagulu, manja m'matumba, n'kuwapeza atakhala kale pa kampando kawo ka miyendo itatu, chiwaya chikuwira patsogolo. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala. Pamwamba pa chitenje ankavala jekete ya malemu amuna awo, manja ake atapindidwa mpaka m'zigongono, ndipo mikono yawo inali mathothomathotho ndi zipsera za mafuta. Maso anali ofiira nthawi zonse chifukwa cha utsi, moti mlendo ankayesa kuti angolira kumene. Zaka zonse zomwe ndinakhala nawo sindinawaonepo akudya mandasi, kupatula tsiku limodzi lija.

Kasitomala wofinya mandasi asanagule ankamufunsa ngati nyama kubutchala amaifinyanso choncho. Wopempha basela ankamuuza kuti akapemphe kwa amene anagwetsa kwacha. Ine mlandu wanga unali wa sopo. Ndikangomuiwala m'madzi, mawu ankachokera kukhitchini: "Amake Dalitso, kodi amuna anu anayamba liti ntchito kubanki?" Ndinkapsa mtima, sindinama. Koma mwezi womwe amuna anga anapita kumudzi n'kukhalitsa, mwana wanga ankapeza mandasi okulungidwa m'nyuzipepala pawindo m'mawa uliwonse, ndipo nditapita kukathokoza anandikalipira kuti ndikuwataitsa nthawi.

Kuseri kwa chitseko cha khitchini kunali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera waya wa masupuni a malata. Sanali odyera ayi. Anali otapira fulawa wokanda pomuponya m'mafuta, choncho kukula kwa supuni ndiko kunali kukula kwa mandasi. Amene sanagulitsepo mandasi sadziwa kuti mtengo wake sukwezedwa wamba. Ukangowonjezera pang'ono, bambo wopita ku Kanengo amangokudutsa, n'kukagula chinangwa kutsogolo kapena kukanyamula matumba ndi mimba yopanda kanthu. Ndiye fulawa, shuga ndi mafuta zikakwera, wokazinga amayamba wachepetsa mandasiwo, mtengo n'kukhala womwewo. Amayi ena ankangoyeza ndi maso. ANankhoma ankati maso amanama, amamvera chisoni kasitomala. Iwo ankafuna supuni.

Sankataya ngakhale imodzi, ndipo iliyonse ankaidziwa chaka chake. Yaikulu kwambiri, yonga chipande, inali ya chaka chomwe anayamba, kampani ya boma yomwe amuna awo ankagwirako itagulitsidwa n'kuchotsa anthu ntchito. Amuna awowo anabwera kunyumba ndi envulopu ndi jekete ija, nakhala pakhonde kudikira kuitanidwanso. ANankhoma anagula chiwaya, n'kuuza anzawo akutchalitchi kuti n'zongoyembekezera, bambo akapeza ntchito asiya. Bambowo sanaitanidwenso mpaka tsiku lomwe anawanyamula kupita nawo kumanda kwawo ku Dowa. Pambuyo pa supuni imeneyo panali ya chaka cha njala, ya chaka chomwe magalimoto ankagona pamizere ya mafuta, ya chaka cha mliri womwe unatsekesa masukulu, iliyonse yocheperako kuposa inzake. Kumapeto kwa waya kunali kakang'ono kongokwana kumwetsera khanda mankhwala.

Wodula masupuniwo anali Che Saidi, bambo wa ku Mangochi yemwe amakhoma mbaula ndi zidebe pafupi ndi msika. Awiriwa anakangana kwa zaka zambirimbiri osatopetsana. Wailesi ikangolengeza zoti ndalama yathu yatsikanso mphamvu, m'mawa mwake aNankhoma ankamanga mpango n'kulunjika kwa Che Saidi, supuni yakale ili m'manja.

"Che Saidi, mwamva wailesi?"

"Ndamva, achemwali. Aigwetsanso."

"Ndiye mukudikira chiyani? Dulani ina. Ichepeko pang'ono kuposa iyi."

"Inu tsiku lina mudzandiuza kuti ndikudulireni kotokosera m'khutu."

"Mudzadula. Bola musandikwezere mtengo ngati mmene mwachitira ndi mbaula zanu zodontha phulusazi."

Nkhani ya mbaula ndiyo inkawawawa. Malata akakwera, Che Saidi ankakweza mbaula tsiku lomwelo, ndipo ogula ankangogwedeza mutu n'kulipira, kumati zinthu zavutadi. ANankhoma ankati mwamuna akakweza mtengo anthu amati ndi bizinesi, koma mayi akakweza amati alibe chisoni, wayiwala kuti nayenso ali ndi ana. Che Saidi ankayankha kuti si iwo analemba malamulo a dziko. ANankhoma ankavomera kuti si iwo, koma ankati olembawo onse amavala buluku ngati lawolo.

Madzulo amuna ankasonkhana pa bawo pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pakati, kumamasulirana zomwe nduna yanena. Ankakangana kwambiri, ena mpaka kutulutsa chizungu, za ngongole za dziko ndi za ndalama zakunja. ANankhoma ankawadutsa atasenza thumba la utuchi wosonkhezera moto, osawayang'ana. Ankati akuluakulu akamati timange malamba, lamba amavala ndi mwamuna, koma chiuno chomwe chimafinyika ndi cha mkazi. Ankawerengera pa zala. Madzi akakwera, woyenda mtunda kukasaka chitsime ndi mayi. Ndiwo zikachepa, wonena kuti wadya kale kukhitchini ndi mayi. Kuchipatala anamwino akachepa, wogona pansi pambali pa bedi, kusambitsa wodwala ndi kutaya zonyansa, ndi mayi. Iwo anagonapo pansi pamenepo kawiri, poyamba ndi amuna awo, kenako ndi mpongozi wawo, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako chiwaya chitachita dzimbiri, mpamba utadyedwa. Ankati boma lili ndi wantchito mmodzi yemwe silimulipira ndipo sachita sitalaka, n'chifukwa chake silichita mantha kudula pena paliponse.

Mpongozi uja atamwalira anasiya ana awiri, Limbani ndi mlongo wake Tamanda, ndipo onse anakulira m'manja mwa agogo awo. Bambo wa anawo, a Filipo, anali mwana yekhayo wa aNankhoma wotsala. Ankanyamula matumba pa fakitale ina ku Kanengo. Anali munthu wofatsa, wosamwa, wopereka malipiro ake kwa amayi ake osawatsegula. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa m'nkhani ino mulibe chilombo choti n'kuchiloza chala.

Pa ploti pathu panali lamulo limodzi lomwe ngakhale ana a lendi ankalidziwa: Tamanda asakhudze fulawa. Kutunga madzi ankatunga, kuchapa ankachapa, kusesa ankasesa. Koma beseni lokandira, masupuni ndi chiwaya zinali zoletsedwa ngati mankhwala a makoswe. Ali wamng'ono anayesapo kuviika chala mu fulawa wokanda, agogo ake n'kumumenya padzanja ndi chipande mpaka kutupa. Akamakazinga ankamukhazika patali, chakumbuyo, buku lili pamiyendo. Amayi a m'dera lathu ankanong'onezana kuti mtsikanayo akumulera ngati dzira, ndipo wina analimba mtima n'kufunsa kuti mtsikana wosadziwa ntchito ya pakhomo pake adzakwatiwa ndi ndani. ANankhoma anayankha kuti ngati palibe, ndiye kuti pemphero lawo lamveka.

Tamanda sukulu inkamukonda. Anasankhidwa kupita kusekondale yoyendera, chaka chimodzi pambuyo pa Limbani, ndipo ankati akufuna kudzakhala wopima magazi kuchipatala. Tsiku lomwe anavala yunifolomu koyamba, agogo ake anaimitsa bizinesi, chinthu chomwe sankachita ngakhale pa Khirisimasi, n'kumuperekeza mpaka kumsewu waukulu. Pobwerera anandipeza ndikuchapa ndipo sanatchule za sopo.

Ndiye kunabwera chaka chomwe kwacha inagwa zenizeni. Mvula isanayambe, tinadzuka n'kupeza kuti ndalama yomwe dzulo inagula botolo la mafuta lero ikugula kachubu. Shuga anasowa. Ogulitsa zinthu zambiri nthawi imodzi ankayamba kupatsa eni mashopu, amayi a mandasi n'kumaima padzuwa kudikira zotsala. Che Saidi anadula kasupuni kaja, ndipo aNankhoma anakwezabe mtengo pamwamba pake, chifukwa panalibenso pochepetsa. Ku Kanengo mafakitale anayamba kunena kuti alibe ndalama zakunja zoitanitsira zipangizo. Magulu a amuna odutsa m'mawa anayamba kupyapyala, ndipo tsiku lina a Filipo anabwerako dzuwa lili pamutu, nakhala pakhonde pomwe ankakhala bambo awo.

Mkangano wa amayi ndi mwana wawo ndinaumva wonse, poti makoma a ku Mgona sasunga chinsinsi. Linali Lamlungu, anthu atangobwera kutchalitchi.

"Amayi, ine ndaganiza," anatero a Filipo. "Ana awiri kusekondale sitikwanitsa. Limbani watsala pang'ono kulemba mayeso, apitirize. Tamanda apume kaye chaka chimodzi."

"Watopa ndi chiyani kuti apume?"

"Musandimve molakwa. Inu mwakula, simungayende. Iye atati azitenga baketi ina n'kumakagulitsa ku Area 25, zinthu zisintha. Ine ndikangopeza poyambira, abwerera."

"Bwanji baketiyo osatenga iwe? Kapena Limbani?"

"Aaa, amayi. Mwamuna wamkulu ngati ine ndi baketi ya mandasi? Anthu aziti chiyani? Komanso Limbani akaphunzira adzathandiza banja lonse. Mtsikana amapita kwa eni ake."

"Banja lonse likudya kwa ndani panopa? Kwa mwamuna wophunzira?"

Kenako ndinamvanso mawu a aNankhoma, otsika, osafanana ndi a masiku onse. "Filipo, chiwaya chija ndinagula ndikuti n'cha miyezi ingapo yokha. Iwe unali ndi kabudula wong'ambika kumbuyo. Ndiyang'ane lero. Mwana uyu sapuma, ngakhale sabata. Za fizi yake usiyire ine."

Anachitadi. Anayamba kukazinga kawiri, m'mawa ndi masana, a masanawo n'kumapita nawo okha kumsika, akuyenda pang'onopang'ono ngati akuponda minga. Mafuta ankawabwereza mpaka kuda ngati oilo wa galimoto. Anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchipatala ankangowalembera kapepala kuti akagule okha mankhwala, poti kumeneko anatha. Anasiya kugula. Nditaona mapazi awo atatupa mpaka patapata osalowa, ndinawafunsa. Anandiuza kuti ndisamale za sopo wanga.

Tsiku la beseni linafika mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Fulawa anali atakanda kale madzulo kuti afufume, ndipo munali mpamba wonse mmenemo. M'mawa aNankhoma analephera kudzuka. Ankati nyumba ikuzungulira. Fulawa wofufuma sadikira wodwala, akapitirira amasasa n'kutayidwa. Tamanda anaona zimenezo. Anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, natenga kasupuni kuseri kwa chitseko, nakasonkha moto pamphambano.

Chomwe chinandidzutsa ndi fungo. Nditatuluka ndinapeza beseni litatsala pang'ono kudzaza, mandasi ofiirira bwino, ofanana ngati obadwa tsiku limodzi. Mwanayo palibe anamuphunzitsa. Zaka zonse zija atakhala kumbuyo ndi buku, maso ankaba. Dzanja lake linkatembenuza mandasi mofanana ndendende ndi la agogo ake, kungoti lake linali lopepuka. Amuna ochepa omwe anali akupitabe ku Kanengo anaima, nagula, ndipo mmodzi ataluma anafuula pakamwa pali podzaza.

"Awa ndiye mandasi! A Filipo, mwanayu mumamubisa chifukwa chiyani? Dzanja ili ndi chuma. Agogo angopuma basi!"

Anzake anaseka n'kuvomereza. A Filipo anali ataima chapatali ndi mswachi m'manja, ndipo ndinawaona akumwetulira koyamba chichokereni ntchito. Tamanda nayenso ankamwetulira, akuyang'ana pansi mwamanyazi.

Sitinawaone aNankhoma akutuluka. Tinangozindikira afika, opanda mpango, akugwira makoma ndi mipanda. Anaima pa beseni, natola amodzi, nawabenthula pakati, nayang'ana m'kati mwake. Kenako anadya. Anatafuna nthawi yaitali, tonse tikuwayang'ana. Atameza anawerama n'kunyamula beseni lonselo, munthu amene mphindi zapitazo sankatha kudzutsa mutu. Anayenda nalo mpaka pangalande yomwe inali itadzaza madzi amvula ndi zinyalala za Mgona yense, nalipendeketsa. Mandasi anayandama n'kumapita, ana akuwathamangira m'mbali, amayi awo akuwakuwira kuti asatole.

"Amayi!" anakuwa a Filipo. "Mwapenga kodi? Tidya chiyani?"

Tamanda anali atagwada pamatope, akulira. "Agogo, ndalakwa chiyani? Si abwino?"

"Ndi abwino," anatero aNankhoma. "Kuposa anga. Vula chitenjecho, usambe m'manja, upite kusukulu. Wachedwa."

Amuna aja anabalalika mwakachetechete, wina akugwedeza mutu. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, itakula kale: ena ankati anataya mabeseni awiri, ena ankati ndi zizimba. Ine ndinali m'gulu la okwiya. Mwana wanga anali atadya phala lopanda shuga sabata yonse, ndipo ndinaona chakudya chikupita ndi madzi. Masana ndinalowa m'chipinda chawo ndi kapu ya madzi, mawu ali okonzeka pakamwa. Ndinawapeza atagona chagada, akuyang'ana kudenga.

"Mwabwera kudzandizazira, amake Dalitso?"

"Amayi, bwenzi mutangogulitsa, mwanayo n'kumuletsa mawa."

"Mawa lake liti? Munamuona Filipo mmene anamwetulira?" Anapuma kaye. "Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Mwana uja anakondwa."

Kenako anandiuza zomwe sanauzepo munthu pa ploti paja. Kwawo ku Dowa, ali mu Sitandade 4, amayi awo anadwala pa nthawi ya dima, tsiku lomwe anthu a m'mudzi amabwera kudzathandiza kulima n'kupatsidwa thobwa. Iwo, kamtsikana, anaphika thobwalo okha. Linakoma. Amalume awo analawa, naitana anthu onse kuti adzamve dzanja la mwana. Tsikulo anagona akumwetulira. Chaka chimenecho fodya sanagulidwe bwino, ndipo akuluakulu atakhala pansi kuona woti achoke pasukulu, sanavutike kusankha. Mchimwene wawo sankatha ngakhale kuwiritsa madzi, ndiye anapitiriza. Iwo anali ndi dzanja. Anandiuza kuti mwana wamkazi wosauka asamadziwike kuti amatha kanthu, chifukwa zinthu zikathina m'dziko, amene amatha ndiye amayamba kudyedwa.

Ndinatuluka osanena zomwe ndinabwerera. Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino. Ndimangodziwa kuti anadziwa chomwe ankachita.

Banja lija linakhala masiku angapo likudya phala lokha. A Filipo sankalankhula ndi amayi awo. Kenako m'mawa wina tinapeza kathumba ka fulawa ndi botolo la mafuta pakhomo la khitchini. ANankhoma anapita kwa Che Saidi kukawakalipira kuti iwo si wopemphapempha. Che Saidi anapitiriza kukhoma chidebe, n'kunena kuti sakudziwa za fulawa aliyense, mwina wagwa kumwamba. Moto unayakanso pamphambano, Tamanda n'kupitiriza sukulu. Beseni lija linamugulira miyezi isanu.

Anamwalira m'nyengo yozizira, ali pa kampando kawo. Mayi wina wobwera kudzagula anaona mandasi akupserera m'chiwaya, mwini wake atatsamira mtengo wa lata, kasupuni kali m'manja. Anayesa kuti akusinza. Pamaliro panadzaza anthu, ngakhale aja ankawatcha wolongolola. Amayi tinaphika kuseri, amuna analankhula kutsogolo. Aliyense woimirira ankayamikira kupirira kwawo, kumati amayi a masiku ano atengerepo chitsanzo. Mawu amenewo anandinyansa. ANankhoma sanapirire mokondwa tsiku ndi limodzi lomwe. Anatukwana supuni iliyonse pa waya uja, ndipo chomwe ankafuna n'chakuti pasapezeke wowatengera chitsanzo. Che Saidi anakhala kumapeto kwa benchi, chipewa chili m'manja, mpaka bokosi litakwezedwa pa lole.

A Filipo anayesa, ndisawanamizire. Anabwereka njinga n'kuyamba kabaza, koma akabaza ku Mgona achuluka kuposa okwera. Anagulitsa wailesi ndi bedi. Teremu itatha anakhala pansi ndi ana awo, ndipo ulendo uno panalibe wowafunsa kuti mwanayo watopa ndi chiyani. Anati Tamanda apume kaye chaka chimodzi. Limbani analemba mayeso n'kukhoza, ndipo tsopano akusaka ntchito ndi anzake pa bawo. Chaka chimodzi chija chikutha mwezi wa mawa, ndipo palibe akutchula za sukulu.

Pamphambano lata lija lilipobe, mwaye wake womwe uja. Amuna opita ku Kanengo amaima, amagula, amati mandasi a pamenepa sanasinthe, mwinanso anawonjezera kukoma. Sabata yatha wailesi inalengezanso zina, ndipo m'mawa mwake ndinaona Tamanda akupita kumsika, kasupuni kali m'manja. Ndinamutsatira chapatali. Che Saidi anakalandira, nakayang'ana nthawi yaitali, osanena za kotokosera m'khutu. Anangotenga sizasi n'kuyamba kudula.

Kampando ka miyendo itatu kali pomwe kanali, pakati pake patasalala ndi zaka. Tamanda amakatulutsa m'mawa uliwonse, amakapukuta, n'kukaika pambali pa chiwaya, koma sakhalapo. Amakazinga atanjuta, maola onsewo, mpaka miyendo kuchita dzanzi. Ndinamuuza tsiku lina kuti adzapweteka msana, akhale pansi. Anapukusa mutu, akutembenuza mandasi, ndipo ndinaona kuti pamkono pake patuluka kale zipsera ziwiri.

"Ayi, anti," anatero. "Ine sindikhalitsa pano."

Ndinayang'ana kampandoko. Kali phee pambali pake, ndipo sikakuoneka kuti kali pa changu.